Utsi Umapita Kumbuyo

Ndikamayandikira chitunda, dzanja linkapita lokha kukazimitsa choziziritsira m'galimoto. Phazi nalo linkayamba kuponda moto ndikadali kutali, kuti ndikafike patsinde pa chitundacho ndili ndi liwiro losungira. Lole ikakhala kutsogolo ndinkangoilondola pambuyo mpaka itakhota yokha, n'kumadziuza kuti munthu ukamakula umasiya kupikisana ndi anzako pamsewu. Blantyre ndi mzinda wa zitunda, koma ine ndinali nditapeza njira zozembera zambiri mwa izo, ndipo wina akanandifunsa chifukwa chake ndikanamuyankha ndi mtima wonse kuti ndikuthawa kuthithikana kwa magalimoto. Palibe tsiku limene ndinadzuka n'kunena kuti galimoto yafooka. Inkafooka pang'ono, ine n'kusintha pang'ono, mawa lake chimodzimodzi, mpaka tonse awiri tinagwirizana pa liwiro latsopano popanda kukambirana. Zimenezi zimandisowetsabe mtendere kuposa ndalama zimene ndinalipira pambuyo pake: kuti manja ndi mapazi anga ankawadziwa matendawo n'kumawanyengerera, pamene pakamwa panga pankatuluka zifukwa zaulemu, za kukula, za kusamala, za kukwera mtengo kwa petulo.

Anandivumbulira ndi alamu anga, tikuchokera ku maliro ku Chikwawa. Amene anayendapo msewu umenewo akudziwa kuti ukangodutsa pa Thabwa palibenso kozembera. Phiri lili pamaso pako, ndipo msewu umakhotakhota kukwera nalo mpaka chigwa cha Shire chitsale pansi kutali. M'galimoto tinadzazamo, kumbuyo kuli thumba la chimanga. Kagalimoto kanga, ka injini ya 1.5 kosintha magiya kokha, kanayamba kusakasaka giya, kutsitsa, kukweza, kutsitsanso, injini ikulira koma mitengo ya m'mbali mwa msewu ikudutsa mwaulesi. Nditaponda mpaka pansi, mphamvu yochepa imene inalipoyo inachita kuthawa. Pansi pa mapazi panatentha. Kenako kunabwera fungo la dzira lowola, ndipo amayi ena amene tinawatenga anayang'ana mwana wawo ndi diso lomuimba mlandu. Alamu anga, amene anayendetsa malole zaka zambiri, anangotchera khutu kwa kanthawi. "Alamu," anatero, "injini yanuyi ndi yamoyo. Ikubanika. Mpweya ikukoka, koma ikusowa kotulutsira."

Makaniko wanga ali ndi kamakina kamene amalumikiza pansi pa chiwongolero, zolemba zake n'kumaoneka pa foni. Kanaonetsa P0420. Nambala imeneyi imangonena kuti catalytic converter, ija ya pa ekizozi imene amakaniko amaitcha makala, sikuyeretsanso utsi mmene iyenera. Sinena ngati yatsekeka kapena yangotha mphamvu. "Ndi makala amenewa, bwana," anatero, "koma tiyeni tiwafunse eni ake." Anamasula sensa yakutsogolo, ija imakhala pa paipi pafupi ndi injini, n'kusiya bowo lake pululu kuti utsi upeze potulukira usanafike pa makalawo. Tinakwera tonse n'kulowa mumsewu. Phokoso lake linatulutsa ana m'nyumba, agalu n'kuyamba kuuwa. Koma galimoto inalumpha. Kabowo ka mamilimita 18 okha kanabweza mphamvu imene ndinali nditaiwala kuti inalipo, ndipo ndinapezeka ndikuseka ndekha, kuseka kwa munthu amene wapeza ndalama m'thumba la jekete lakale. Makaniko sanaseke nawo. Iye anali akuwerengera kale m'mutu zimene andiuze.

Atachimasula chitsulocho anachilozetsa kudzuwa, n'kunena kuti ndisuzumire. M'kati mwa chabwinobwino mumakhala chinthu choumbidwa ndi dothi lootcha, chodzaza ndi timabowo ngati chisa cha njuchi, timabowo 400 kapena kuposerapo pa kamalo ka inchi imodzi m'litali ndi m'lifupi, ndipo kuwala kumadutsa mpaka mbali inayo. Mu changa munali mdima. Kumaso kwake kunali kutasungunuka n'kuumanso chibulumwa, ndipo akachigwedeza zidutswa zinkachita gobedegobede. M'makoma a timabowoto mumakhala mutapakidwa platinum, palladium ndi rhodium, magalamu ochepa chabe pamodzi. Zitsulozi sizipsa ndipo sizitha. Ntchito yake n'kungokhalapo pamene utsi wotentha ukudutsa, ndipo kukhalapo kwakeko kumachititsa kuti carbon monoxide asanduke carbon dioxide, petulo wosapsa bwino amalize kupsa n'kukhala nthunzi ya madzi ndi carbon dioxide yemweyo, ndipo mpweya woyabwa m'mapapo wa nitrogen oxide ubwerere kukhala nitrogen wamba amene wadzaza kale mumlengalenga. Chinapangidwa kuti chizimaliza zotsalira. Petulo wamuwisi sichimupirira. Pulagi kapena koyilo ikafa, silinda imeneyo imalavulira petulo wosayaka mu ekizozi, iye n'kukayakira m'timabowo muja, kutentha n'kukwera mpaka dothi lootchalo kusungunuka. Makaniko anandifunsa ngati ndinayendapo injini ikunjenjemera. Ndinakumbukira usiku wina koyilo imodzi itafa ndili kutali ndi tauni, pamene kunalibe kuchitira mwina koma kukwawa ndi masilinda atatu mpaka kunyumba. Koyiloyo tinasintha m'mawa mwake, tonse n'kunena kuti nkhani yatha. Nkhaniyo inali itangosamukira pansi pa galimoto, kumene palibe amene amayang'anako, ndipo kumeneko inapitiriza kukula mwakachetechete.

"Ambiri timangogogoda, bwana," anatero akupukuta m'manja. Amatenga chitsulo chachitali, kuphwanya zam'katizo, kuzikhuthula, n'kubwezera chigoba chopanda kanthu. Mtengo wake ndi wa kuwotcherera basi, ndipo kunena zoona mwini galimoto ndiye amalandira ndalama, chifukwa pali anyamata ogula makala pa sikelo. Mmodzi anali atafika kale, wakhala pa tayala lakutha, kachikwama kali pamiyendo, akuyang'ana kumbali mwaulemu. Nyali ya pa dashibodi ikhoza kumayakabe, popeza sensa yakumbuyo ntchito yake n'kuuza kompyuta ya galimoto ngati utsi wasintha podutsa pa makala. Koma pali kachitsulo kamene amamangira kuti sensayo ikhale patali pang'ono ndi utsi, izinunkhiza zochepa, kompyuta n'kukhulupirira kuti zonse zili bwino. Ngati sindikufuna zogogoda, panali yatsopano yotsika mtengo, yonyezimira kunja koma youmira zitsulo zodula zija m'kati, imene iye sanafune kulumbirira kuti ikhalitsa. Panalinso yeniyeni yochotsedwa pa galimoto yophwasulidwa ya ku Japan, imene mtengo wake unandikhazika pansi pa benchi. Ndinafunsa funso limene ndinali nalo chichokereni pa Thabwa: mwa zonsezi, yothamanga kwambiri ndi iti? Anaseka pang'ono. "Ndisakunamizeni, bwana. Yogogodayo ithamanga chimodzimodzi. Mwinanso kuposako pang'ono, koma inu simungazimve. Chimene mumve ndi phokoso ndi fungo basi."

Yankho limeneli ndakhala ndikulitafuna kwa nthawi yaitali. Chilichonse chimene ndinalipirirapo pa galimoto iyi chinandibwezera kanthu kamene thupi langa linakamva. Mabuleki atsopano ndinawamva ku phazi, matayala ndinawamva m'manja, mashoko ndinawamva kumsana. Ngakhale nyali zokhotera, zimene zimaoneka ngati ndi za anthu ena, zimateteza bampala yanga. Chitsulo ichi chokha ndiye sichindigwirira ntchito ine. Ine ndimakhala kutsogolo, mawindo otseka, ndipo utsi umapita kumbuyo. Kumbuyoko kuli wakabaza amene wayandikitsa tayala lake pa bampala yanga podikira maloboti, kuli mayi wogulitsa nthochi pa siteji amene amakhala pamalo amodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kuli mwana wa sukulu amene mphuno yake ili pafupi ndi ekizozi kuposa ya wamkulu aliyense. Carbon monoxide si mlendo kwathu kuno. Nyengo yozizira ya June ndi July ikafika timamva za anthu amene anagona ndi mbaula yoyaka m'nyumba yotseka, osadzukanso. Mpweya wake ndi womwewo, wopanda fungo, wopanda mtundu. Panja supha nthawi imodzi, umamwazika, aliyense n'kutengako kachigawo kake kakang'ono, ndipo palibe mayi amene angalondole chifuwa cha mwana wake mpaka pa nambala ya galimoto yanga. Ndikuona kuti n'chifukwa chake kugogoda kumapepuka chonchi m'maganizo. Ngongole yake imagawidwa kwa anthu ambiri kotero kuti palibe amene angabwere pakhomo kudzaitolera.

Koma alamu anga sanandilole kuti ndidzimve woyera. Nditawafotokozera pa foni anaseka mpaka kutsokomola. "Alamu, minibasi ija inatidutsa pa Madziabango munaiona? Kumbuyo kwake kunkaoneka msewu? Ndiye inu mukufuna kuyeretsa Blantyre ndi kapaipi kanu kamodzi?" Sindinawayankhe, chifukwa zambiri zimene ananena ndi zoona, ndipo palinso zina zimene sanazitchule. Makala sayamba ntchito asanatenthe kufika pa madigiri pafupifupi 250 kapena 300, kutanthauza kuti m'mamawa, pa mphindi zoyambirira zopita kukatula ana ku sukulu, galimoto yanga imatulutsa utsi wosayeretsedwa bwino ngakhale chitsulocho chikhale chatsopano. Carbon dioxide, amene akutenthetsa dziko, sichimuchepetsa, chimachita kumupanga. Ndipo sindinaonepo wina pamsewu akugwada kusuzumira pansi pa galimoto kuti aone ngati chigobacho chili ndi kanthu m'kati.

Palinso chifukwa chimene amakaniko athu sachiopera chitsulochi, ndipo sindikuganiza kuti ndi umbuli. Eugene Houdry, injiniya wa ku France amene anakakhazikika ku America, anali nayo kale nzeru imeneyi m'zaka za m'ma 1950, atavutika mtima ndi utsi umene unkaphimba Los Angeles. Koma petulo wa nthawiyo ankathiridwa mtovu, ndipo mtovu umamata pa zitsulo zodula zija n'kuzipha. Zinadikira mpaka 1975 kuti magalimoto atsopano ambiri a ku America ayambe kutuluka nacho chitsulochi, limodzi ndi petulo wopanda mtovu. Kuno kumwera kwa Sahara petulo wamtovu tinasiyana naye kumayambiriro kwa 2006. Ndiye kuti kwa zaka zambiri galimoto ikafika kuno ndi makala amoyo, petulo wathu ankawapha posakhalitsa, n'kutsala chinthu chopanda ntchito chongodikira kutsekeka. Amene anaphunzitsa makaniko wanga anakulira m'nthawi imeneyo, ndipo kwa iwo kugogoda kunali kuchotsa chakufa. Petulo anasintha, chizolowezi chinatsala. Ndikamaganiza zimenezi ndimalephera kumukwiyira munthu amene akundipatsa nzeru imene inali yolondola pa nthawi yake.

Ndinagula ya ku Japan ija. Ndikanakonda kunena kuti ndinaganizira wakabaza ndi mayi wa nthochi, ndipo analimodi m'maganizo mwanga, koma sanali okha. Munalinso kudana kwanga ndi phokoso, munali fungo la petulo limene limalowa pa zenera la kukhitchini ndikamabwerera chammbuyo kulowa pabwalo, munalinso kuwerengera kuti ogula magalimoto masiku ano ayamba kufunsa ngati makala alimo. Sindingathe kuzilekanitsa n'kunena kuti cholemera chinali chiti. Makaniko anachilozetsa kudzuwa chitsulo chatsopanocho, ndinasuzumira, ndipo kuwala kunadutsa m'timabowo tonse. Anasinthanso mapulagi, nati tikaika makala ena tisanaone chimene chinapha oyambawo ndibweranso. Tsiku loyamba galimoto inkachita ngati ikudzifunsa, popeza kompyuta yake inali itazolowera kuyeza petulo mogwirizana ndi paipi yotsekeka ndipo inayenera kuphunziranso. Posakhalitsa inakhazikika. Pa chitunda inagwira giya imodzi osaisiya. Ndinapitirira lole popanda kupemphera. Pansi pa mapazi panazizira, ndipo petulo anayamba kukhalitsa, chifukwa phazi silinkafunikanso kufika pansi kuti ndipeze liwiro wamba.

Chisangalalo chake sichinakhalitse, ndipo zimenezi zinandidabwitsa. Galimoto yothamanga bwino imaiwalika msanga ngati mmene yofooka inaiwalikira; patangopita kanthawi inangokhala galimoto basi. Chimene chinatsala ndi dzanja lija, limene linkapitabe kukazimitsa choziziritsira pamaso pa chitunda chilichonse, kuteteza injini ku matenda amene anachoka kale. Ndipo pansi pa zonsezi panali mawu a makaniko aja. Mphamvu yonse imene ndinkaimva inabwera chifukwa chakale chinachoka. Chatsopanocho sichinawonjezerepo kanthu kamene ine ndingakamve. Ngati chinachitapo kena, chinadyako pang'ono. Ndinalipira ndalama zambiri kuti ndipeze chimene chitsulo chogogodera chikanandipatsa ulere, ndipo kusiyana kwake kuli m'mapapo mwa anthu amene sadziwa kuti ndinalipira. Masiku ena zimenezi zimandipatsa kamtendere. Masiku ena, makamaka mwezi ukafika pakati, ndimamva mawu a alamu anga akuseka, ndipo ndimadzifunsa ngati sindinagule chabe ufulu wodziona wabwino pa mzere wa magalimoto.

Makala akale aja ndinamugulitsa mnyamata wa kachikwama uja. Anatulutsa kasikelo, kuyeza, kutchula mtengo mosayang'ana nkhope yanga, ndipo ndinadziwa kuti wandidyera ngakhale ndalamazo zinali zooneka. Iye akagulitsa kwa wina, winayo kwa wina, mpaka fumbilo lidzafike kunja kumene kuli ng'anjo zotha kulekanitsa magalamu ochepa aja ndi dothi. Ulendo wake umandizunguza mutu. Platinum wambiri wa padziko lapansi, ndiponso rhodium wambiri, amakumbidwa ku South Africa, makamaka m'dera la Rustenburg, ndipo wina amachokera ku Great Dyke ku Zimbabwe. N'kutheka ndithu kuti zitsulo za m'galimoto yanga zinatuluka pansi pa nthaka ya anansi athuwa, kuwoloka nyanja kupita ku Japan, kuyeretsa mpweya wa kumeneko zaka zingapo, kubwerera pa sitima mpaka ku Dar es Salaam, kulowa pa Songwe, ndipo tsopano zikutulukanso m'thumba la pulasitiki. Mu March 2021 rhodium anafika pafupifupi madola 30,000 pa aunsi imodzi, yomwe ndi magalamu 31 okha, kuposa golide kakhumi n'kupitirira, ndipo kuba kwa zitsulozi kunakula m'mayiko ambiri. Koma dera lomwelo la Rustenburg ndi kumene kuli Marikana, kumene pa 16 August 2012 apolisi anawombera n'kupha anthu 34 ogwira ntchito mu mgodi wa platinum amene ankanyanyala ntchito pofuna malipiro abwino. Ndinkati ndapeza chitsulo chimodzi pa galimoto chimene chimaganizira anthu ena. Nachonso chili ndi anthu ake akumbuyo, amene utsi wake unawapeza kalekale chisanafike kwa ine.

Chimene sindinachiyembekezere n'choti chitsulo chatsopanocho chindisandutsa mlonda. Nkhani zake aliyense wazimvapo: wina wasiya galimoto kokonzetsa mabuleki kapena kotsukitsa, n'kuitenga ikulira mosiyana pang'ono, ndipo podzazindikira m'chigoba mulibe kanthu. Kale ndinkasiya makiyi n'kupita kuntchito. Tsopano ndimakhala pa benchi mpaka amalize, nyuzipepala ili m'manja koma maso ali pansi pa galimoto, ndipo ndikailiza ndimatchera khutu kuti ndimve ngati mawu ake ndi omwe aja. Ndinapempha makaniko kuti awotcherere kachitsulo pa mabawuti ake, kuti wofuna kumasula ayambe wavutika. Anawotcherera osanena kanthu. Munthu ameneyu ndamudziwa kuyambira ndili ndi galimoto yanga yoyamba, anabwerapo usiku kudzandikoka osafunsa za ndalama, ndipo sanandiberepo ngakhale nati imodzi. Komabe ulendo wotsatira ndinakhalanso pa benchi pomwepo.

Anazindikira. Anatuluka pansi pa galimoto, n'kusolola kachitsulo koyezera oyilo, kukapukuta, kukalowetsanso, n'kundionetsa. Oyilo anali atatsika kuposa mmene amayenera kutsikira. Anandiuza kuti injini yayamba kudya oyilo, pang'ono chabe, utsi wake sunayambe kuoneka, koma oyilo akamapsa amasiya phosphorus ndi zinc zimene zimamata pa makala mpaka kuwaphimba. "Bwana, masiku ano mumandilondera," anatero, osakwiya. "Palibe kanthu, khalani pompo. Koma amene akudya makala anuwa ali m'kati mwa injini, ndipo kuti timugwire tiyenera kutsegula n'kusintha maring'i." Anatchula mtengo wake. Ndinamuuza kuti tikambirana ndikalipira fizi ya ana.